Phunziro la Lachitatu Limene Lidatsala Mufoni

Mkazi wanga ankaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa Bembeke. Ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale yoyendera ya tsidya lina la dambo. Tidakhala m'banja zaka ziwiri ndi miyezi isanu, m'nyumba ya aphunzitsi ya pasukulu yakeyo, yamalata, imene mu Juni imazizira mpaka mano kuwawa. Mwana tidalibe.

Chaka chake chomaliza, aphunzitsi a m'dera lathu adayamba kujambula mawu a maphunziro awo pafoni kuti azidzimva okha m'mene amaphunzitsira. Nkhaniyi idachokera kumsonkhano wina wa aphunzitsi, ndipo ambiri adaisiya mwezi usanathe. Mkazi wanga ndi mnzake sadaisiye. Mnzakeyo adali mayi wa Sitandade 3, wotsala pang'ono kupuma ntchito, amene pasukulu ponse ankangoti amadamu aakulu. Iwo mkazi wanga ankamutchula kuti mng'ono wawo, ngakhale padalibe ubale. Aliyense wa awiriwa ankajambula phunziro limodzi pa sabata. Foni ankaiika m'bokosi la choko patebulo, n'kumaphunzitsa ngati palibe kanthu. Lachisanu ana akaweruka, ankakhala m'kalasi n'kumamvetsera, kuimitsa, kukangana, kusekana. Akamaliza, mwini phunzirolo ankalifufuta pomwepo mnzake akuona.

Kufufutako kudali ndi chiyambi chake. Makolo atamva kuti mawu a ana awo akulowa mufoni, sadakondwe. Ena ankati mawuwo atumizidwa kutali kukapemphera thandizo limene iwo sadzaliona. Ena sankanena chimene ankaopa. Pamsonkhano wa makolo, amene adaimirira adali mkazi wanga. Adalonjeza kuti mawuwo azimva ndi aphunzitsi awiri okha, ndipo palibe phunziro limene lidzapitirire Lachisanu lili mufoni. Lonjezolo adalisunga osaphonya ngakhale sabata imodzi. Ine ndemwe sindinkaloledwa kumva. Ndikati ndimveko pang'ono, ankabisa foni kumbuyo n'kufunsa kuti, "Kodi inu mumaphunzitsa Sitandade chani pano?"

Adamwalira Lamulungu, chakumapeto kwa mwezi wa Juni, ndi chibayo. Ine ndidachoka pakhomo Lachinayi m'mamawa kukayang'anira mayeso a Fomu 4 kusukulu ina cha ku Mayani. Lachisanu adalephera kudzuka, aphunzitsi anzake n'kumutengera kuchipatala cha pa boma. Ndidafika Loweruka atasiya kale kuyankhula. Pamaliro, aliyense wondifunsa ndinkamuyankha chimodzimodzi: adadwala Lachisanu, Lamulungu n'kutisiya. Anthu ankapukusa mitu n'kumati matenda a masiku ano sachedwa. Ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo.

Patatha masiku awiri chiikire maliro ndidatchaja foni yake pofuna nambala ya azakhali ake. Ndidapezamo zithunzi zochepa za matchati amene ankalemba, ndi mawu ojambulidwa amodzi okha: Lachitatu, mphindi makumi atatu ndi zinayi. Lachisanu loti awafufute lidamupeza ali m'chipatala.

Ndisanawatsegule ndidafufuza mufoni yanga. Ndidafunsanso alamu anga. Palibe amene adali ndi mawu ake. Sitinkatumizirana mawu pafoni, poti tinkakhala nyumba imodzi ndipo iye ankakonda kulemba. Kanema wa ukwati wathu alipo, koma wojambulayo adaphimba zonse ndi nyimbo, moti milomo yake imayenda koma mawu osamveka. Padziko lonse mawu a mkazi wanga adatsala pamalo amodzi, ndipo adali malo amene iye adalonjeza kuti mawu sadzakhalitsapo.

Ndidamvetsera masana omwewo, nditakhala pakhonde. Kudayamba phokoso la ana, kenaka kuwomba m'manja katatu, kenaka iye.

"Mwadzuka bwanji nonse?"

Ana adayankha mokoka, monga amachitira ana a Sitandade 2. Ndidaimitsa, ndidalowa m'nyumba, ndidatsuka mbale zimene zidali zotsuka kale, ndidabwerera n'kupitiriza.

Kuyambira tsikulo ndinkamvetsera tsiku ndi tsiku popita kuntchito, zomvera zili m'makutu, ndikudutsa m'minda ya kachewere nkhungu isanachoke. Ndidadziwa pamene amaseka, pamene amadzudzula wina wodya chimanga chokazinga m'kalasi, pamene choko chimamuthyokera. Pamene ana ankayankhula nthawi yaitali, kapena pamene padali zii, ndinkadumpha. Sindinkafuna ana. Ndinkadziwa kuti ndikuphwanya lonjezo lake, koma ndinkaikankhira kumbali nkhani imeneyo monga munthu amakankhira mwala wa panjira ndi phazi.

Amadamu aakulu adabwera Lachinayi lina masana, patatha masabata anayi chijambulire phunzirolo. Adabweretsa nsawawa zophika m'kambale, adakhala pamasitepe a khonde n'kuwongola miyendo yawo yotupa. Titalonjerana adangolunjika.

"Aphunzitsi, foni ya mng'ono wanga ija ili kuti?"

"Ili m'nyumbamu."

"Muli phunziro la Lachitatu. Sitinalimve."

Adandiyang'ana, n'kufunsanso.

"Mwalimva kangati?"

"Kangapo."

"Munthu wa masamu amati kangapo?"

"Kopitirira makumi awiri."

Adagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana kuphiri. "Mawa ndi Lachisanu. Ana akaweruka mubwere nayo. Mudzakhale pampando wake, poti mwalowa kale m'gulu lathu popanda wokuitanani."

"Ndiyeno tikamva?"

"Mukudziwa."

"Amayi, mawu ake ndi omwewo. Kwina kulikonse kulibe."

"Ndikudziwa," adatero. "Inenso ndafufuza mwanga."

M'mawa mwake laputopu yanga idali patebulo, chingwe chili pambali pake. Kukopera mawuwo sikukadatenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo palibe akadadziwa. Sindidakopere. Sindinena kuti chidali chilungamo. Ndinkangoganiza kuti ndikawagonjetsa amadamuwo ndi mawu, ndibwerere nayo foniyo mawu ali momwemo, popanda kuba.

M'kalasimo matchati ake adali akadali pakhoma, ena atayamba kumatuka m'makona. Kalasiyo idali itapatsidwa kwa mphunzitsi wina, koma sadachotse kanthu. Amadamu adabwera ndi kope lachikuto cholimba ndi cholembera chomangirira ku ulusi. Adandilozera mpando. Ndidaika foni patebulo n'kuyatsa.

Sipadathe mphindi zitatu.

"Imitsani." Adaweramira kufoniko. "Wadzimva, iwe? Wafunsa funso, wayankha wekha. Ana ukuwathamangitsira kuti, kuli sitima?"

Mtima udandipsa. Masabata onsewo mawu amenewa ndinkawanyamula ngati dzira, ndiye munthu n'kumawakalipira.

"Amayi, munthuyu anapita."

"Ndiye ndimunamize poti anapita? Akanakhala pamene mwakhalapo akanandibwezera kale. Akanati ine ndimalongolola ngati wailesi yothyoka batani. Yatsani."

Ndidayatsa. Adaimitsanso kangapo, ndipo ndidayamba kuona kuti ngakhale tikumva chinthu chimodzi, iwo akumva zina. Ankadziwa mwana aliyense ndi mawu ake, ndi pamene amakhala. Pena ankati, "Mzere wa kuzenera wauiwala." Pena ankaseka mpaka kupukuta m'maso. Titafika pamalo ena pamene padali zii wautali, chala changa chidapita chokha kuti chidumphe. Adandimenya padzanja pang'ono.

"Siyani. Ntchito yake ndi imeneyi."

Adawerenga ndi zala mlengalenga. Atafika pa zisanu ndi zitatu, kamawu kakang'ono kadayankha kuchokera kutali.

"Ameneyo ndi wa kumbuyo kwenikweni," adatero. "Chiyambire chaka sanatsegulepo pakamwa. Teremu yoyamba mng'ono wangayu sankatha kudikira ngakhale kawiri. Ankati zii amamuyabwa. Mwamuona lero?"

Adalemba kanthu m'kope muja. Ine ndidali nditadumpha malo amenewo maulendo onse.

Chapakati pa phunziro padamveka kukwekwereza kwa chinthu pasimenti. Amadamu adakweza dzanja.

"Bwezani pang'ono."

Ndidabweza.

"Mwamva chiyani?"

"Mpando."

"Mng'ono wanga sankakhala pansi pophunzitsa. Tinakanganapo teremu yathunthu. Ndinkamuuza kuti adzatupa miyendo ngati ine, iye amvekere mphunzitsi wokhala pansi ana amamugonera." Adaloza foni. "Yatsani, koma musayankhule."

Kuchokera pamenepo mawu ake ankamveka pafupi, chifukwa adali atakhala patebulo pamene padali bokosi la choko. Gawo limeneli ndi limene ndinkalikonda kuposa onse. Ndinkalibwereza ndikafika pakamlatho ka padambo, poti zinkakhala ngati akundiyankhula m'khutu. Tsopano ndidalimva ndili pafupi ndi munthu amene adamumvapo sabata ndi sabata kwa chaka. Ziganizo zake zidali zitafupika. Ankanena mawu atatu kapena anayi n'kupuma, ndipo kupumako kunkamveka. Adatuma mwana kuti akalembe pabolodi m'malo mwake. Nyimbo ya zilembo adangoiyamba, n'kuwasiyira ana. Kawiri adatsokomola motsekera kukamwa, chifuwa chakuya chimene ine ndinkachiyesa fumbi la choko.

Ndidaimitsa ndekha.

Lachitatu limenelo madzulo adasita malaya anga a ulendo atakhala pampando, nsimbi ili pamphasa. Adati kwazizira. Adadya pang'ono, n'kunena kuti adadya mbatata kusukulu. Ine ndinkafunafuna kalata yondituma kumayesoko, ndipo ndidamufunsa kawiri konse kumene adaiika. M'mawa sadandiperekeze kumsewu monga ankachitira, adati nkhungu yachuluka. Ndidamuuza kuti agone, ndidatseka chitseko bwinobwino kuti mphepo isalowe, n'kumapita ndikudziona ngati mwamuna wosamala.

Sindidanene zimenezi mokweza. Amadamu adayang'ana kope lawo nthawi yaitali.

"Lachinayi anabwera kuntchito," adatero. "Pa asembule anavala majuzi awiri ndi chitenje pamwamba. Ndinamuseka. Ndinati wavala ngati wogulitsa kachewere pamsewu. Anaseka nawo. Ine ndinali pafupi kuposa inu, aphunzitsi."

Ine sindidawatonthoze. Panja ana ena ankamenya mpira wamapepala. Patapita nthawi adandikodola kuti ndipitirize.

Chakumapeto ana ankapanga ziganizo zoyamba ndi mawu akuti kwathu. Wina adati kwathu kuli nkhumba zitatu. Wina adati kwathu kudabwera alendo a ku Mozambiki. Kenaka kamtsikana kena kadanena chiganizo chake bwinobwino, mosadodoma, monga mwana wonyadira kuti wakhoza. Chimene kadanena sindichilemba pano. Chidali chokhudza zimene bambo ake amachita kwa mayi ake chitseko chikatsekedwa. Ana ena adaseka. Padali zii pang'ono, kenaka mkazi wanga, mawu ali pafupi, akupuma pakati:

"Zikomo. Chiganizo chako chili bwino. Mawa tikaweruka undidikire. Undithandize kunyamula mabuku."

Chiganizo cha mwanayo ndidali nditachimvapo. Chinkangondidutsa, poti ine ndinkadikira mawu obwera pambuyo pake, ndipo ndinkakonda m'mene adatchulira zikomo.

Amadamu adavula magalasi. "Lachinayi tikuweruka ndinamuona akupita kunyumba yekha, akugwira khoma. Mabuku sananyamule. Ndiye kuti sanayankhule naye." Adalemba dzina la mwanayo m'kope, n'kulizunguliza. "Akanandiuza Lachisanu lija. Nkhani zotere timazitengera limodzi. Mwanayu wadikira masabata anayi."

Sadandiyang'ane ponena zimenezi. Kuwerengera ndidachita ndekha. Sabata yoyamba idali ya matenda ndi maliro. Atatu enawo foni idali m'thumba la malaya anga.

Phunziro lidatha ndi ana akuthamangira panja, kenaka kukhwekhweretsa kwa dzanja lake m'bokosi la choko, kenaka basi. Mawu amene ndidakonza m'mawa adali atachepa mphamvu, komabe ndidawanena.

"Ndikhoza kudula, amayi. Ndichotse ana onse, nditsale ndi mawu ake okha."

"Mawu ake okha ali pati? Paliponse akuyankhula ndi mwana. Akutchula dzina la uyu, akuyankha uyo. Mukachotsa anawo mutsala ndi munthu woyankhula yekha, ndipo mkazi wanu sanali wamisala."

"Ndiye ndikapemphe kwa makolo. Pamsonkhano. Ndikawauze zoona."

"Akavomera," adatero. "Namfedwa ndani angamukanize? Akavomera onse, ena akulira. Mayi ake a mwana uja akavomeranso, osadziwa chimene akuvomera. Bambo akenso akakhalapo, ndipo akafuna kudziwa kuti muli chiyani mufonimo."

Ndidakankhira foni kwa iwo. Sadaikhudze. Adapinda manja pachifuwa.

"Ine ayi. Chiyambire sindinafufutepo phunziro la mnzanga. Amafufuta ndi mwini, wina amangoona. Mwini palibe, ndiye mwatsala inu. Mukaitenga n'kupita nayo kunyumba sindikuthamangirani, miyendo yanga mukuidziwa. Koma makolo akadzandifunsa, ndidzawauza kuti limodzi linatsala. Sindidzamuikira bodza mng'ono wanga."

"Ndimveko poyambira pokha."

"Imvani." Adadzuka movutikira, adatuluka n'kukaima pakhonde, atandifulatira.

Ndidayatsa. Phokoso la ana, kuwomba m'manja katatu, moni wake. Pamenepo adali akadaimirira, mawu akuchokera pakati pa kalasi, amphamvu. Ndidamva mphindi imodzi, mwina ziwiri. Ndidaona kuti ndikapitirira ndifika pampando paja, ndipo ndikafika pamenepo ndifunanso kufika kumapeto. Ndidaimitsa.

"Amayi, bwerani mudzaone."

Adabwera, adavala magalasi, adaima kumbuyo kwanga. Foni idafunsa ngati ndatsimikiza. Ndidadina. Pamene padali mawuwo padangotsala poyera.

"Ndaona," adatero.

Adatsegula kope lija n'kulemba tsiku. Pansi pake pankayenera kulembedwa chinthu chimodzi chimene mwini phunziro akufuna kudzakonza sabata yotsatira. Adagwira cholembera kanthawi, kenaka adangojambula kamzere n'kutseka kope. Tidatuluka, iwo adakhoma kalasi. Sadalowere kunyumba kwawo. Adatenga njira yotsikira kumudzi kwa mwana uja, akuyenda pang'onopang'ono. Ndidati ndiwaperekeze.

"Mwamuna akafika nawo pakhomo paja nkhani iwonongeka," adatero. "Inu pitani mukadye nsawawa zija. Kambaleko ndikafuna."

Zimene zidachitika kumudziko si zanga kuti ndizifotokoze, ndipo zambiri sindizidziwa. Ndidangomva kuti adapitako kangapo, ulendo wina ali ndi amayi awiri a m'komiti ya sukulu.

Nyumba ija ndidaituluka kumapeto kwa teremu, poti idali ya aphunzitsi a pasukulupo. Tsopano ndimakhala pafupi ndi kuntchito kwanga. Mawu a phunziro lija ndimawadziwabe pamtima, kuyambira moni mpaka potulukira, ndipo nditafuna ndingawalembe onse. Koma liwu lake likunka lichoka. Poyamba ndinkalimva bwinobwino ndikangotseka maso. Kenaka lidayamba kumveka m'malo ena okha, pamene ankaseka ndi pamene ankadzudzula. Masiku ano ndikabwereza ziganizo zake m'mutu, nthawi zambiri ndimapeza kuti woyankhulayo ndi ine.

Sabata yatha mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, adandiimbira kundiuza za tsiku lokamanga manda. Amayankhula mofananako, makamaka akamafulumira. Nkhaniyo idali yaifupi ndipo ndidaimva bwino ulendo woyamba womwe. Ndidamuuza kuti netiweki ikudukaduka, abwerezenso. Adabwereza zonse kuchokera poyamba. Atamaliza adafunsa ngati tsopano ndamva.

Ndidati ndamva, ndipo ndidathokoza.